Mpando Wachinayi pa Maliro a Mou Tianlu

Mou Tianlu anamwalira m'mawa akutsitsa thumba la soya pa njinga yake ya mawilo atatu. Anangoti, "mutuwu," n'kukhala pansi pakhomo pa shopu, osadzukanso. Pofika masana a kampani ya zamaliro anali atakhoma kale tenti mumsewu, kuyambira pakhomo pa shopuyo mpaka pa kachere wa pakona. Anaika chithunzi cha malemu, zofukiza ndi nkhata za maluwa a mapepala. Kenaka anafunsa mkazi wa malemu, Gan Surong, funso lomwe amafunsa namfedwa aliyense m'tauni muno: matebulo a majangi, masewera a tinjerwa oseweredwa ndi anthu anayi, abweretse angati?

Surong anati asanu ndi limodzi. Anayankha msanga chifukwa mlamu wake Tianfen, mchemwali wamkulu wa malemu, anali ataima pomwepo, atangotsika basi kuchokera ku Zigong. Pa maliro a wogulitsa nyama ya nkhumba chaka chatha panali matebulo khumi ndi awiri, anthu n'kumalimbiranabe mipando. Asanu ndi limodzi sikunali kudzikweza.

Kuno m'mbali mwa mtsinje wa Tuo maliro sagonedwa ndi misozi yokha. Munthu akafa, anzake amamuchezetsa ndi majangi mpaka tsiku lonyamuka, kuti asachoke ngati galu wopanda mwini. Tinjerwa tikamatsukidwa pa tebulo, ndiko kuti kusakanizidwa ndi manja, timalira ngati matalala pa malata, ndipo wodutsa mumsewu amayeza kukula kwa malemu ndi phokosolo.

Tsiku loyamba anthu anabwera ndithu. Ankawerama pamaso pa chithunzi, kusiya envulopu ya chipepeso, kumwa tiyi chiimirire, kenaka n'kukumbukira ntchito yomwe anasiya kunyumba. Tinjerwa tinagona m'mabokosi mwake. M'tenti munali zii, moti zofukiza zikamagwetsa phulusa umachita kumva. Madzulo Tianfen anafunsa kuti kodi mchimwene wake analakwira ndani m'tauni muno. Surong anati pakati pa sabata anthu amatanganidwa. Anayankha akuyang'ana pansi, poti chifukwa chenicheni ankachidziwa ngati mmene ankadziwira mtengo wa soya.

Surong anabadwira m'banja la anthu otunga madzi a m'zitsime za mchere. Atakwatiwa ndi Mou anatsegula kashopu kogulitsa douhua, chambiko cha soya chimene timadyera mpunga ndi tsabola wokazinga m'mafuta. Mou ankanyamula matumba ndi kupera. Zotsalazo zinali za mkazi. Mkaka wa soya ukawira mu chimphika chachitsulo pamafunika kuchepetsa moto nthawi yomweyo, n'kumadontheza madzi owawa a kuzitsime pang'onopang'ono ndi chipande, ukuzunguliza, mpaka mkakawo utagwirana ngati mitambo. Ukafulumira chambiko chimauma n'kuwawa, ukachedwa chimapserera. Surong sanapsererezepo, ndipo madalaivala a malole ankakhota dala kuti adzadye kwa iye.

Ntchito ya Mou inkatha masana, ndipo akasamba ankalowera ku tiyirumu ya pa Msewu wa Mchere. Pa majangi dzanja lake linali labwino. Koma pa tebulo la majangi pali lamulo limene silinalembedwe pena paliponse, lomwe ngakhale mwana amalidziwa: woluza asanalankhule, wopambana sanyamuka. Amene wadyedwa ndiye mwini nthawi. Wopambana amakhala pompo, kumpatsa mnzake mpata wobweza, mpaka woluzayo atanena yekha kuti kwa lero zakwana.

Surong sankalowa m'tiyirumu. Ankaima pakhomo ndi epuloni yake n'kuyang'ana khutu la mwamuna wake. Mou akamapambana khutu lakumanzere linkafiira psuu. Likafiira, Surong ankaitana: "Bambo a Jun, mphika ukusefukira!" Mou ankanyamuka akupepesa, akumwetulira ngati mwana wogwidwa ndi dzanja m'chigubu cha shuga, n'kutuluka ndi zomwe wapambana. Masiku ena mphika unkasefukiradi. Koma tsiku limene Mou ankaluza mphikawo unkakhala waulemu kwambiri.

Surong sankaona cholakwa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ankatero, ndipo mwana wawo Jun anaphunzira sukulu mpaka kukapeza ntchito ku Dongguan. Koma anthu anampatsa Mou dzina loti Mphika. Patapita zaka, akalowa m'tiyirumu matebulo onse ankapezeka odzaza, ngakhale pa mpando wachinayi pali chipewa chokha. Zaka zomalizira ankangokhala kukhoma ndi kapu ya tiyi, kuonerera anzake. Sanamudandaulirepo mkazi wake. Kamodzi kokha, akutsuka mphero yoperera soya, ananena kuti tsiku lina adzafuna anthu. Surong anamuyankha kuti anthu sathira mpunga m'mbale.

Mawu amenewo ndi omwe anamudzutsa m'mawa wa tsiku lachiwiri. Mawa lake kunali kunyamula maliro, ndipo Jun anali m'sitima, akubwera kudzapeza bambo ake atagona pakati pa matebulo opanda anthu. Surong ananyika soya wa chakudya cha anamalira, anapera, anasefa, anayatsa mbaula ya malasha kuseri kwa shopu, n'kuuza Tianfen kuti ayang'anire moto. Kenaka anauyamba wa ku Msewu wa Mchere.

Wovala nsalu ya maliro pamkono salowa m'nyumba ya eni, choncho anaima pakhomo pomwe paja. Tinjerwa tinasiya kulira tebulo ndi tebulo. Woyamba kulankhula anali a Liao Baoshan, wometa wopuma ntchito, amene anadyedwa ndi Mou kuposa wina aliyense.

"Alamu, mwadzaitana ndani lero? Mwini wake wa mphika uja wanyamuka kale. Ngati kale lomwe, sanatsanzike."

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Surong anali atakonza mawu ambiri m'njira, koma onse anamuthawa. Anangonena kuti matebulo alipo, tiyi alipo, mtedza ndi ndudu zilipo, ndipo masana kukhala douhua. A Liao anati amva. Anatola kanjerwa, kukapapasa ndi chala chachikulu osakayang'ana, n'kukataya. Masewera anapitirira, Surong n'kubwerera yekha.

Dzuwa litakwera anabwera atatu: a Liao, aphunzitsi a Tu, ndi mayi Pu ogulitsa nsapato kumsika. Anawerama pamaso pa chithunzi, n'kukakhala pa tebulo la kumapeto, pafupi ndi potulukira. Mayi Pu anatsegula bokosi n'kukhuthula tinjerwa, koma palibe anatigwira. Aphunzitsi anayang'ana uku ndi uku m'tenti n'kunena mawu omwe amanenedwa m'tiyirumu iliyonse, oti atatu alipo, wasowa mmodzi. A Liao anati si mlandu wawo. Iwo abwera, ulemu apereka, amaliza tiyiyu azipita.

Surong anayang'ana kwa Tianfen, koma Tianfen anali wa tchalitchi ndipo majangi sankawagwira. Anayang'ana mumsewu, munalibe munthu. Anavula epuloni, kuipinda, n'kukoka mpando wachinayi.

Mayi Pu anamunong'oneza kuti namfedwa sasewera, anthu adzanena. Surong anati anthu ake ati, poti m'tenti muno mulibe. Aphunzitsi anafunsa mwaulemu ngati masewerawo akuwadziwa.

"Akuwadziwa kuposa ife," anatero a Liao. "Sukulu yake anaphunzirira pakhomo, osalipira ngakhale kapu ya tiyi."

Surong anali asanagwirepo kanjerwa chibadwire. Tinali tozizira, tolemera kuposa mmene ankaganizira, ndipo khoma lake loyamba la tinjerwa, pomwe osewera amatolapo, linagwa kawiri asanalimange. Koma maso ake ankadziwa zonse. Majangi athu alibe tinjerwa ta mphepo, zinjoka kapena maluwa ngati a kumadera ena. Mitundu ndi itatu basi: nsungwi, madontho ndi malemba, uliwonse kuyambira wani mpaka naini, kanjerwa kalikonse kali ndi anzake atatu ofanana nako. Ukatenga khumi ndi titatu tako umatchula mtundu umodzi womwe waukana, ndipo umayamba wataya tonse ta mtunduwo usanalote zopambana. Wopezeka ndi kanjerwa ka mtunduwo pamapeto timamutcha nkhumba yamawangamawanga, ndipo amalipira tebulo lonse. Otsalawo umawasanja m'magulu anayi a titatutitatu, tofanana kapena totsatizana, kuphatikiza tiwiri tofanana. Surong anayang'ana dzanja lake, anaona kuti malemba ndi ochepa, n'kuwakana.

Anapambana mosafuna. Kanjerwa komwe kankasowa kanangobwera kokha kuchokera pakhoma, ndipo asanaganize n'komwe pakamwa panali patanena kale. Kuno woyamba kupambana sathetsa masewera. Amagoneka tinjerwa take chafufumimba n'kukhala manja lende, otsalawo n'kumapitiriza kudyana mpaka patatsala mmodzi, n'chifukwa chake timati nkhondo yamagazi. Surong anakhala choncho, akuonerera a Liao akutsala okha. Ulendo wachiwiri anapambananso, pa kanjerwa kotayidwa ndi a Liao omwewo. Makadi owerengera zopambana anayamba kuunjikana mbali yake. Mayi Pu anayang'ana chithunzi cha malemu n'kunena kuti ena afa koma dzanja sanapite nalo.

Surong anagwidwa ndi mantha. Iye sanakhalire pampandowo kuti adyenso anthuwa. Ulendo wachitatu anaganiza zobweza. A Liao akatsala ndi kanjerwa kamodzi kuti apambane ankasiya kuyankhula n'kumaseweretsa chivindikiro cha kapu. Izi anaziona kalekale ali pakhomo. Anawerenga zomwe zinali zitagwa kale pakati pa tebulo, monga amawerengera mbale pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo anapeza kuti mkuluyo akudikira seveni wa nsungwi. Surong anali naye, ali pakati pa sikisi ndi eyiti, gulu lathunthu. Analiphwanya n'kumuponya.

A Liao anamuyang'ana seveniyo nthawi yaitali. Sanamutole. Anauza mayi Pu kuti atole kawo, nthawi ikupita.

Khoma litatha, amene sanapambane anatsegula manja awo monga mwa lamulo. Sikisi ndi eyiti wa Surong anali apo ngati ana amasiye, ndipo dzanja la a Liao linali ndi mpata wa seveni yekhayo. Aphunzitsi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Alamu," anatero a Liao, mawu ali pansipansi, "ndameta mitu ya tauni ino kuyambira muli kamtsikana. Ndadyedwa ndi mwamuna wanu mpaka mkazi wanga anandibisira nsapato. Koma sanandiponyerepo fupa ngati galu. Mukachitanso zimenezi ndinyamuka, ndipo woluza akanyamuka palibe amamugwira malaya."

Surong anapepesa. Apa ndi pomwe anaona pomwe waima. Akaluza dala, anthuwa apita. Njira inatsala imodzi yokha: kusewera ndi mtima wonse. Anatsuka tinjerwa ndi manja awiri, mwamphamvu, ndipo kwa nthawi yoyamba matalala aja anamveka mpaka pa kachere.

Anasewera ngati mmene amagulira soya kumsika, osamvera chisoni munthu. Analuza kamodzi kwa aphunzitsi, kenaka dzanja linabwereranso. A Liao anayamba kutukwana tinjerwa, kutukwana mpando, kusintha ndudu kuchoka kudzanja lino kupita linalo. Mayi Pu anawauza kuti akasambe m'manja, mwina agwira chinthu choipa m'mawa. Iwo anati chinthu choipa chomwe agwira ndi moni wa mayi Pu. Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola. Surong anazindikira kuti aka kanali koyamba munthu kuseka pa maliro a mwamuna wake.

Ali mkati mosanja dzanja latsopano, Tianfen anatulukira pakhomo pa tenti, nkhope ili thukuta lokhalokha, chipande chili m'manja.

"Surong, mphika ukusefukira!"

Mayi Pu anatsala dzanja lili m'malere. A Liao sanatembenuke. Anangoyang'ana mulu wa makadi womwe unali patsogolo pa Surong, kenaka n'kuyang'ana nkhope yake.

Miyendo ya Surong inali itayamba kale kunyamuka yokha. Ankauona mphikawo ngati uli pamaso pake: thovu likukwera, likutsikira m'mbali, malasha akulilira. Unali mkaka wa anamalira onse, ndipo mbale yoyamba inali yoti ikaikidwe pamaso pa chithunzi, chakudya cha malemu. Kuthamanga pompo akanaupulumutsa. Anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kudzibweza pampando.

"Ndakana madontho," anatero.

Tianfen anaganiza kuti sanamve, ndipo anabwereza mokweza. Surong anamuuza, osamuyang'ana, kuti aphule mphikawo ngati angathe, iye sanganyamuke. Tianfen anafunsa ngati wapenga, mwamuna ali m'bokosi iye ali pa juga. Anati akauza Jun, akauza abale onse a kwa Mou kuti mkazi ameneyu ndi wotani. Kenaka anathamangira kuseri, ndipo kunamveka chitsulo chikugwa.

A Liao akanatha kulankhula pamenepo. Mawu amodzi okha akanakwana. Koma anatola kanjerwa kawo, kukapapasa, kuganiza nthawi yaitali kuposa kale lonse, n'kukataya pang'onopang'ono. Aphunzitsi anakhosomola mowakumbutsa. Iwo anangoti masewera sathamangiridwa.

Fungo linafika dzanja lisanathe. Soya wopserera ali ndi fungo lake, lowawa, lomata pakhosi, ndipo Surong anali asanalimvepo likuchokera kukhitchini kwake. Misozi imene inakana kutuluka dzulo lonse inayamba kugwera pa tinjerwa. Ankapukuta ndi nsalu ya maliro ija n'kumasewerabe. Anapambananso, n'kugoneka tinjerwa take, n'kukhala manja ali pamiyendo, utsi ukulowa m'tenti. Dzanja litatha a Liao anakankhira tinjerwa pakati n'kuyamba kutsuka. Linayambika lina.

Fungo lomwelo ndi limene linaitana anthu. Woyamba anali wokonza njinga wa kutsidya kwa msewu, amene anabwera kudzaona ngati shopu ikupsa. Anaima kumbuyo kwa mayi Pu, anamva zomwe zachitika, n'kuchoka mofulumira kuposa mmene anabwerera. Nkhani inafika ku Msewu wa Mchere kuti mkazi wa Mphika wakhala pa tebulo, akupambana, mphika wapserera, ndipo sakunyamuka. Ambiri sanakhulupirire, anabwera kudzaona okha. Anaima mozungulira, manja kumbuyo, akulangiza a Liao mokweza zomwe akanataya. Ndipo munthu wa kuno sangaime nthawi yaitali pafupi ndi tebulo lopanda anthu, bokosi lili pomwepo. Wina anatsegula lachiwiri, akuti akungoona ngati tinjerwa take n'tokwana. Posakhalitsa lachitatu linatsegulidwanso.

A Liao anamvetsera phokosolo kanthawi. Anayang'ana makadi awiri omwe anawatsalira, anazimitsa ndudu, n'kutsamira kumbuyo.

"Kwa pano zakwana, alamu. Pitani mukampatse chakudya mwamuna wanu. Mukamuuze kuti ndanena ndine."

Kuseri Surong anapeza Tianfen atakhala pa thumba la soya, dzanja atalikulunga ndi nsalu yonyowa. Poona kuti zavuta, anali atakhuthulira madzi owawa onse mumphika nthawi imodzi. Chambiko chinali cholimba, chotuwa, pansi pake pali chikhokho chakuda bii. Surong anadziwa kuti nkhaniyi idzafika kwa Jun asanatsitse n'komwe chikwama. Anasankha pomwe panali pabwinoko, anathira m'mbale ya Mou ya mkombero wobenthuka, anaika mpunga ndi tsabola pambali, n'kupita nazo kukaika pamaso pa chithunzi.

Mou ankadana ndi chopserera. Ngakhale mpunga wa pansi pa poto ankamusiyira mkazi wake. Surong anaima pamenepo akuyang'ana nkhope ija, yojambulidwa chaka chomwe Jun anayamba ntchito, khutu lakumanzere litabisika pang'ono.

"Bambo a Jun, idyani chomwechi," ananong'ona. "A Liao anena okha."

Anamalira anadya douhua woipitsitsa amene anatulukapo m'shopu imeneyo. Ena anasiya theka, ena anathira tsabola wambiri n'kumeza osatafuna. Mayi Pu anati pa maliro chakudya chimayenera kuwawa ndithu. Matebulo atatu a mkati, oyandikira chithunzi, anatsalabe opanda munthu, ndipo Surong ankati akatembenuka maso ake ankagwera pomwepo. Ena mwa omwe Mou anakhala nawo kwa zaka zambiri sanabwere, ndipo anadziwa kuti sabweranso. Koma kumapeto kwa tenti matalala anali kugwa, ndipo wodutsa mumsewu ankatha kudziwa kuti pano pagona munthu.

Anali atayamba kupala chikhokho cha mumphika pamene anamva mawu a a Liao akuchokera m'tenti, okalipa ngati oitana mwana wochedwa kumadzi. Ankati iwo adya, mphamvu zabwerera, makadi awo akuwafuna, ndipo atatu alipo.

Surong anathira madzi mumphikamo kuti chikhokho chifewe. Anapukuta manja n'kupita.